Mafunso ndi mayankho pa buku la Dracula: zomwe owerenga a ku Blantyre amafunsa

Awa ndi mafunso omwe amabwera mobwerezabwereza anthu akamakambirana za bukuli kuno ku Blantyre, ena atalimaliza, ena atalisiyira panjira. Mafunso anayi oyambirira saulula zambiri. Kuyambira pa lachisanu tikutchula amene afa ndi mmene nkhani ithere, ndiye amene simunawerenge mudziwiretu.

1. Kodi Dracula ndi buku lanji, ndipo analemba ndani?

Ndi nkhani yopeka yoopsa imene inatuluka ku London mu Meyi 1897. Analemba ndi Bram Stoker, mbadwa ya ku Dublin m'dziko la Ireland, yemwe anabadwa mu 1847 n'kumwalira mu 1912. Ntchito yomwe ankadyera inali yoyendetsa nyumba ya zisudzo ya Lyceum ku London. Bukuli lili ndi mitu 27 ndi mawu pafupifupi 160,000, omwe amadzaza masamba pafupifupi 400 malinga ndi kukula kwa zilembo.

Loya wachinyamata, Jonathan Harker, atumidwa ku Transylvania, dera la ku Romania ya lero, kukamalizitsa mapepala a nyumba yomwe munthu wina wa banja lachifumu kumeneko, Count Dracula, wagula kufupi ndi London. Wogula nyumbayo ndi vampaya: munthu amene anafa kalekale koma sanaole, ndipo amakhalapobe poyamwa magazi a amoyo. Iye atawolokera ku England, kagulu ka amuna asanu ndi mkazi mmodzi kayamba kumusaka.

2. Filimu yake ndinaonera kale. Ndiwerengerenji bukuli?

Chifukwa Dracula amene mukumudziwa si wa m'bukumu. Njonda ya tsitsi losalala, nkhope yometa bwino ndi chinsalu chakuda chakumbuyo ija inatchuka ndi filimu ya 1931 momwe anasewera Bela Lugosi. Wa m'buku ndi nkhalamba yaitali ya ndevu zoyera zapamlomo, makutu osongoka, ubweya m'zikhatho, ndi mpweya wonunkha moti Jonathan amachita nseru akamuyandikira. Akamamwa magazi amabwerera unyamata.

Zoti dzuwa limamupsereza mulibenso. Zimenezo zinayamba ndi filimu ya ku Germany ya 1922 yotchedwa Nosferatu. M'buku amayenda masana bwinobwino, ndipo Jonathan ndi mkazi wake Mina amamuona dzuwa likuswa mtengo pakati pa London. Masana mphamvu zake zimangochepa. Nkhani yachikondi pakati pa Dracula ndi Mina nayonso ndi ya opanga mafilimu. M'buku Mina amanyansidwa naye, ngakhale kuti pena amamumvera chisoni.

3. N'chifukwa chiyani nkhaniyi ili m'madayale ndi m'makalata m'malo mongoikamba?

Bukuli lilibe wofotokoza mmodzi wodziwa zonse. Ndi mulu wa mapepala: dayale ya Jonathan, makalata a Mina ndi mnzake Lucy Westenra, matelegalamu, zodula m'nyuzipepala, buku la kapitawo wa sitima yapamadzi, ndi dayale ya Dr Seward yomwe iye salemba koma amalankhulira m'makina ojambula mawu pa timigolo ta phula. Pepala lililonse lili ndi deti, kuyambira pa 3 Meyi mpaka pa 6 Novembala.

Apa ndi pomwe owerenga amayambira kusiyana maganizo. Ena zimawasokoneza, makamaka chifukwa madeti amabwerera m'mbuyo wolemba akasintha. Ife tikuti mphamvu ya bukuli yagona pomwepa. Aliyense amalemba kachidutswa kamene waona, ndiye wowerenga ndi amene amadziwa zambiri kuposa onse. Inu mwazindikira kale chimene chikudya Lucy pamene madokotala ake akuyezabe magazi n'kumakanda m'mutu, ndipo simungawauze. Dracula yekha ndi amene alibe dayale. Mumamumvera kwa ena basi, monga momwe mbiri ya munthu woopsa imayendera m'mudzi.

Njira yothandiza: musanawerenge gawo lililonse onani dzina ndi deti zomwe zili pamwamba, ndipo sungani kapepala ka mayina asanu ndi atatu awa: Jonathan, Mina, Lucy, Seward, Arthur, Quincey, Van Helsing ndi Renfield.

4. Chingerezi chake n'chovuta bwanji, ndipo ndilipeza kuti?

Amene anakhoza Chingerezi pa MSCE aliwerenga, bola dikishonale ikhale pafupi. Malo ovutadi ndi atatu: zolankhula za Mr Swales, mkulu wina wa ku Whitby, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku England, m'mutu 6, za woyang'anira nyama kumalo osungirako nyama m'mutu 11, ndi za Van Helsing, dokotala wa ku Amsterdam amene Stoker anamulembera dala Chingerezi chothyokathyoka. Awiri oyambawo mukangotolapo mfundo, pitirirani. Van Helsing yekha muzolowereni, chifukwa amalankhula mpaka kumapeto.

Bukuli n'lakale moti lamulo loteteza umwini wa zolemba silikuligwiranso, choncho limapezeka kwaulere pa intaneti, monga pa Project Gutenberg, ndipo kulitsitsa pafoni sikudya bandulo yoposa ma MB awiri ngati mwasankha lopanda zithunzi. Lomvetsera lilipo laulere pa LibriVox, koma limatenga maola oposa 15, ndiye limenelo tsitsani pomwe pali Wi-Fi. Mukaligula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, ku Blantyre kapena ku Limbe, werengani mitu kaye. Ngati siikwana 27, kapena masamba sakufika 100, limenelo ndi lachidule lophunzirira Chingerezi, ndipo zambiri zomwe tikukamba pano mulibe. Mutu umodzi patsiku, wa mphindi 30 kapena 40, mulimaliza mwezi usanathe.

5. Kodi likuopsadi?

Amene akufuna magazi ali chuchuchu tsamba lililonse akhumudwa. Mantha a bukuli ndi a kudikira. Malo omwe owerenga amatchula kawirikawiri ndi awa: Jonathan akumeta ndevu n'kuona kuti munthu amene waima kumbuyo kwake sakuoneka pagalasi, Jonathan yemweyo akusuzumira pawindo usiku n'kuona mwininyumba akutsika khoma chazondoka ngati buluzi, ndi mutu 7, wa sitima ya Demeter, yomwe inanyamuka ku Varna ndi anthu 9 n'kufika ku Whitby ndi mtembo wa kapitawo wokha utamangiriridwa pa chiwongolero, mtanda uli m'manja. Amalinyero anali kusowa mmodzimmodzi usiku.

Pa mitu inayi yoyamba ndi mutu wa sitimawu owerenga sakangana. Ngakhale amene bukuli sanalikonde amavomereza kuti pamenepa Stoker anagwira ntchito.

6. N'chifukwa chiyani anthu ambiri amalisiyira pakati?

Mutu 4 umatha Jonathan ali pa mpanipani, akufuna kutsika khoma la nyumba ya Dracula kuti athawe. Mukatembenuza tsamba mupeza makalata a Mina ndi Lucy akukambirana za amuna atatu, Seward, Quincey ndi Arthur, amene afunsira Lucy tsiku limodzi. Ambiri amatayira pamenepa. Pirirani mpaka mutu 7.

Malo achiwiri ndi kuyambira mutu 17. Nkhani imasanduka ya misonkhano: kuwerengerana mapepala, kulumbirirana ubwenzi, kugwirana manja, amuna kulira. Dracula mwiniyo amaoneka kamodzikamodzi. Apa sitimuikira kumbuyo Stoker, anatalikitsadi, ndipo Van Helsing akayamba kulankhula amakhala ngati mlaliki amene sakuona kuti anthu ayamba kuyang'ana mawotchi. Komabe musadumphe mutu 18 ndi 21, chifukwa mathero onse aima pa mitu imeneyi.

7. Kodi vampaya ndi namapopa si chinthu chimodzi?

Ili ndi funso lomwe limatenga nthawi yaitali kuposa onse kuno, ndipo yankho ndi lakuti ayi.

Dzina lokha likunena. Namapopa amapopa: mphekesera zimamufotokoza ngati munthu wamoyo wobwera usiku ndi zipangizo, majakisoni, timapaipi, mankhwala ofoola ogona, ndipo magaziwo samwa iye. Amakawapereka kwa amene anamutuma, munthu wandalama kapena waudindo. Ndi nkhani ya malonda. Vampaya wa Stoker ndi wakufa, alibe bwana, alibe chipangizo china koma mano, ndipo magazi ndi nsima yake. Amene walumidwa n'kufa naye amasanduka vampaya, zomwe sizimveka m'nkhani za anamapopa.

Ngati pali amene akufanana naye kwathu kuno ndi mfiti ya m'nkhani za makolo: kuyenda usiku, kukonda kumanda, kusanduka nyama, kulowa m'nyumba yotseka, kugoneka anthu tulo tofa nato. Dracula amasanduka galu wamkulu, mleme kapena nkhungu, ndipo amalamula mimbulu ndi makoswe monga amanenera za mfiti ndi afisi. Kusiyana kwake n'kwakuti mfiti imakhala mbale wanu wamoyo amene masana mumadya naye, pamene Dracula ndi mlendo wochokera kutali.

Pali kusiyana kwina kolemera kuposa konseku. Dracula sanaphetsepo munthu weniweni. Mphekesera za opopa magazi zaphetsa anthu mumzinda uno. Pakati pa 1968 ndi 1970, pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu osachepera 30 komwe timakutcha za ku Chilobwe, kunamveka manong'onong'o akuti magazi akutumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole. Chakumapeto kwa 2002 ndi kumayambiriro kwa 2003, njala itavuta, zinamvekanso kuti magazi akusinthanitsidwa ndi chakudya cha thandizo, ndipo gavanala wa chipani cholamula mumzinda wa Blantyre anagendedwa. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo madokotala sanapeze umboni wa munthu ngakhale mmodzi wopopedwa magazi. Ena mwa amene anafa anali alendo, odutsa m'njira ndi odwala.

N'chifukwa chake owerenga ena kuno samasuka ndi chigawo chomaliza cha bukuli, momwe anthu odziyesa olungama akuthyola nyumba ndi kufukula manda posaka mlendo. M'nkhani yopeka mlendoyo ndi chilombodi, wolemba watitsimikizira. Pa msewu wa ku Chileka, komwe gulu lolusa linapha munthu mu 2017, palibe wolemba wotsimikizira aliyense.

8. Lucy anathiridwa magazi a amuna anayi. Zimenezi n'zotheka?

M'buku amapereka magazi Arthur, Seward, Van Helsing ndi Quincey, mmodzi pambuyo pa mnzake m'masiku ochepa, kuchokera pamkono wa wopereka kulowa mwa Lucy mwachindunji, popanda kuyeza chilichonse. Manesi ndi ophunzira zachipatala amaseka akafika apa, ndipo akulondola. Magulu a magazi anawatulukira Karl Landsteiner mu 1901, patapita zaka zinayi bukuli litatuluka. Munthu akalandira magazi a gulu losagwirizana ndi lake, thupi limaphwanya maselo ofiira a magaziwo, impso zimatha kuleka kugwira ntchito, ndipo akhoza kufa. Kuchita zimenezo kanayi mosayeza ndi juga.

Lero magazi omwe bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatolera amayezedwa gulu lake komanso matenda monga HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi asanafike kwa wodwala. Wopereka amachotsedwa pafupifupi mamililita 450 pa malita pafupifupi 5 omwe munthu wamkulu amakhala nawo, ali maso, atavomera yekha.

Ndipo chomwe chinapha Lucy m'nkhaniyi si magaziwo. Ndi kusauzana. Van Helsing anamukoleka maluwa a adyo m'khosi ndi m'mawindo koma mayi ake a Lucy sanawauze chifukwa chake, poopa kuwadzidzimutsa popeza anali ndi matenda a mtima. Mayiwo atamva fungo usiku anachotsa maluwa onse n'kutsegula windo kuti mwana wawo apume bwino.

9. Malamulo a vampaya m'bukuli ndi ati, ndipo za mabokosi a dothi zikuyenda bwanji?

Van Helsing amawandandalika m'mutu 18. Dracula ali ndi mphamvu za amuna 20, alibe chithunzithunzi, ndipo saoneka pagalasi. Sangalowe m'nyumba koyamba popanda wa m'nyumbamo kumuyankha odi, koma akalowa kamodzi khomo limenelo ndi lake. Masana amakhala m'maonekedwe omwe dzuwa lamupezera, kupatula dzuwa likamatuluka, likafika paliwombo ndi likamalowa. Madzi oyenda amawoloka yekha pa nthawi zina zokha. Adyo ndi mtanda zimamuthamangitsa. Ndipo ayenera kugona pa dothi la kwawo.

Lamulo lomalizali ndi lomwe likuyendetsa theka lachiwiri la buku. Dracula anabwera ndi mabokosi 50 a dothi. Omusaka atalowa m'nyumba yake ya Carfax anapezamo 29. Mwa 21 otsalawo, 6 anapita ku Mile End, 6 ku Bermondsey, 9 ku Piccadilly, onsewa madera a ku London. Bokosi lililonse analiika kachidutswa ka mkate wopatulika wa Ukalistia kuti asagonemonso. Ku Piccadilly anapeza 8 okha. Limodzi losowalo ndi lomwe anathawiramo pa sitima kubwerera kwawo. Amawapeza bwanji mabokosiwa? Ndi malisiti a onyamula katundu, makalata a maloya, ndi kugulira mowa amtengatenga kuti akumbuke bwino. Owerenga amene amagwira ntchito yowombola katundu kapena ya maakaunti amakonda chigawo chimenechi kuposa cha kumanda.

10. Akazi a m'bukuli amagawanitsa owerenga. Chifukwa chiyani?

Za Lucy, ambiri amadandaula kuti akulangidwa chifukwa cha nthabwala imodzi, yofunsa kuti bwanji mtsikana saloledwa kukwatiwa ndi amuna onse atatu kuti pasakhale wokhumudwa. Atafa amasanduka chilombo cholusira ana ku Hampstead, ndipo m'mutu 16 bwenzi lake Arthur amamukhoma chichiri pamtima, kenaka madokotala aja amamudula mutu n'kudzaza adyo m'kamwa. Chigawo chimenechi chimavuta kuwerenga, ndipo si chifukwa cha magazi okha.

Mina ndi nkhani ina. Ndi mphunzitsi amene waphunzira kutaipa ndi kalembedwe kachidule ka masekilitale, ndipo nthawi zonyamukira sitima zapamtunda anaziloweza pamtima. Ndi iye amene amasonkhanitsa mapepala onse, kuwasanja motsata madeti ndi kuwataipa makope atatu, moti Dracula atatentha zolembazo kope ina inali itatsekeredwa pabwino. Ndi iyenso amene amakhala pansi ndi mapu n'kuzindikira kuti bokosi lomaliza likuyenda pa mtsinje. Malipiro ake? Van Helsing amamuyamikira kuti ali ndi ubongo wa mwamuna, ndipo amunawo amagwirizana zomusiya kunyumba kuti amuteteze. Usiku womwe amusiya yekha ndi womwe Dracula amayamba kumuyamwa. Kaya Stoker ankaseka amunawa kapena ankagwirizana nawo, owerenga sanamvanebe. Nkhani yokhayo ikuonetsa kuti chiganizo chawo chinali chopusa.

11. Ndine Mkhristu. Kodi bukuli silolimbikitsa zausatana?

M'nkhani yonse Dracula ndi woipa, ndipo omusaka amapemphera ndi kudalira Mulungu. Palibe mwambo uliwonse womwe wowerenga angaphunziremo. Renfield, wodwala misala amene amadya ntchentche, akangaude ndi mpheta pofuna kudziunjikira moyo, amapotoza mawu a pa Deuteronomo 12:23 onena kuti mwazi ndiwo moyo, pamene vesilo likuletsa kudya mwazi.

Madandaulo enieni amachokera mbali ziwiri. Akatolika ena sakondwa ndi mmene Van Helsing amagwiritsira ntchito Ukalistia, mpaka kuunyenyanyenya n'kumatira ming'alu ya chitseko cha manda. A mipingo ina, monga a CCAP, amaona ngati mtanda wasanduka chithumwa. Jonathan yemwe, wa mpingo wa Anglican, poyamba amakayika kulandira mtanda womwe mayi wina amamupatsa, poganiza kuti n'kupembedza mafano. Kwa ana, tikuti adikire mpaka Fomu 3 kapena 4, makamaka chifukwa cha mutu 3, 16 ndi 21.

12. Ena amati ndi buku la atsamunda. Akutanthauza chiyani?

Onani chaka. Mu 1897 dziko lino linali litakhala pansi pa Britain zaka 6, ndipo Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anali atapereka kale zikalata zotsimikizira azungu umwini wa minda ikuluikulu kuno ku mapiri a Shire. Tsopano onani zomwe Dracula akuchita: akuphunzira chilankhulo cha dziko la eni m'mabuku, akuwerenga malamulo ndi mapu awo, akugula malo kudzera mwa maloya ndi mapepala ovomerezeka, akutumiza katundu wake pa sitima, ndipo cholinga chake n'kusandutsa eni dzikowo kuti akhale ngati iye. Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Angerezi a m'bukuli akuopa kuchitiridwa zomwe anzawo ankachita kwina nthawi yomweyo. Wowerenga wa ku Thyolo kapena Mulanje, amene anakulira m'mphepete mwa esiteti ya tiyi, safuna womufotokozera zimenezi.

Tsankho nalo lilimo, losabisa. Anthu a kum'mawa kwa Ulaya akuonetsedwa ngati osatukuka, Aromani (mtundu wa anthu omwe bukuli limawatcha ma Gypsy) ngati antchito a chilombo, ndipo Myuda mmodzi amene akuonekamo akufotokozedwa monyoza.

13. Kodi Dracula anakhalapodi? Nanga mileme yoyamwa magazi iliko kuno?

Dzinali ndi la Vlad III, wolamulira wa ku Wallachia (dera loyandikana ndi Transylvania) wa m'zaka za m'ma 1400, wodziwika ndi nkhanza zopachika adani pa mitengo yosongoka. Stoker analipeza m'buku lina la mbiri mu laibulale ya ku Whitby mu 1890, n'kusiya dzina lomwe anayamba nalo la Count Wampyr. Vlad sanali vampaya, ndipo Stoker sanapondeko ku Transylvania, dera lomwe lero lili m'dziko la Romania.

Mileme yoyamwa magazi ilipo mitundu itatu, yonse ku Mexico, Central America ndi South America. Ya kuno imadya zipatso, timadzi ta maluwa ndi tizilombo touluka.

14. Mathero ake anthu amawaona bwanji?

Ambiri amati afulumira. Mwasaka munthu mitu 10, mwawoloka Ulaya yense pa sitima yapamtunda, pa boti ndi pa akavalo, kenaka nkhondo yeniyeni ikutha m'masamba awiri. Pa 6 Novembala, dzuwa lili pafupi kulowa, Jonathan akugwetsa bokosi pa ngolo, ndipo iye ndi Quincey akulikanula. Jonathan akumucheka pakhosi ndi chimpeni chokhota chonga chikwanje, Quincey akumubaya pamtima ndi mpeni wake, ndipo thupi likusanduka fumbi. Dracula salankhula ngakhale liwu limodzi. Quincey, amene anabayidwa m'nthiti polimbana ndi operekeza ngoloyo, akufera pomwepo ataona kuti chipsera cha pachipumi pa Mina, pomwe mkate wopatulika unamuwotcha Dracula atamuluma, chazimiririka.

Otsutsa amati kufulumirako n'koyenera, chifukwa mpikisano wonse unali wolimbana ndi dzuwa: mphindi imodzi yokha, mphamvu zake zikadabwerera. Pali gulu lachitatu lomwe limaloza funso 9 ndi 10. Lucy anafunika chichiri, kudulidwa mutu ndi adyo, ndipo akazi atatu a kunyumba ya Dracula nawonso Van Helsing anawakhoma zichiri n'kuwadula mitu. Mwini wake wangolasidwa ndi mipeni iwiri yachitsulo, pa nthawi yomwe malamulo akuti amatha kusintha maonekedwe, ndipo fumbi ndi limodzi mwa maonekedwe omwe vampaya amayenda nawo m'bukuli. Buku lenilenilo limamutenga kuti wafa, ndipo chipsera cha Mina ndiwo umboni wake. Koma kakalata komaliza ka Jonathan, kolembedwa patapita zaka 7, kamavomereza kuti mu mulu wonse wa mapepala aja mulibe pafupifupi chikalata chenicheni chilichonse, zambiri ndi zotaipa, ndipo sangayembekeze munthu kuzikhulupirira.